Ndigule ma turntable kapena ma CD player kuti ndiyambe u DJ?

Funso lomwe latipeza likuti: "Ndakhala ndikuphunzira kumikisa nyimbo pa kompyuta ya mnzanga, pano ndasungako kandalama ndikufuna ndikhale ndi zida zangazanga. Pali munthu akugulitsa ma turntable awiri akale, wina akugulitsa ma CD player a ma DJ awiri, mitengo yake sikusiyana kwenikweni. Anzanga ena akuti DJ weniweni ndi wa mbale za vinyl, za ma CD nza aulesi, ena akuti vinyl inapita kalekale. Nditenge ziti? Komanso nzoona kuti vinyl imamveka bwino kuposa CD?"

Achimwene, ndiyankhe kaye mwachidule kenako tilowe mkati. Ngati cholinga chanu nchoti muzikavinitsa anthu nkumapezako kangachepe, ma turntable (makina oimbira mbale za vinyl) okhaokha akusautsani, ndipo ma CD player awo mugule pokhapokha ngati ali ndi polowetsa fulashi. Ngati alibe asiyeni, olo mwini wake atsitse mtengo bwanji. Koma ngati chomwe chimakusowetsani tulo ndi scratch, luso lokankha ndi kubweza mbale ndi dzanja singano ili pomwepo kuti itulutse mawu okhula, kapena mumangokonda kugwira mbale ndi manja, ma turntable ndi anu ndithu, bola mudziwiretu kuti ndalama yambiri sidzapita ku makinawo koma ku mbale.

Zoti DJ weniweni ndi wa vinyl zili ndi pochokera, si kuti anzanuwo angozipeka. Luso lonseli linabadwira pa mbale. Francis Grasso ku New York chakumapeto kwa zaka za m'ma 1960 ndi amene anatchukitsa zofananitsa liwiro la nyimbo ziwiri, ina ikumveka m'masipika ina akuimvera m'mahedifoni, kuti anthu asaime kuvina nyimbo ikamasintha. Kool Herc ku Bronx mu 1973 ankatenga mbale ziwiri za nyimbo imodzi nkumabwereza pamene patsala ng'oma zokha, ndiye Grandmaster Flash anadzazikonza kuti zizigwera ndendende pa biti, Grand Wizzard Theodore nkubwera ndi scratch. Makina omwe anadzasanduka khasu la ma DJ onse ndi Technics SL-1200, yoyamba inatuluka 1972, ndipo MK2 ya 1979 ndi yomwe inadzaza m'makalabu chifukwa mota yake imazunguza chitsulo choikapo mbale mwachindunji popanda lamba, ukaigwira nkuisiya imabwerera pa liwiro lake msangamsanga. CD inabwera 1982 kuchokera kwa Sony ndi Philips koma panadutsa zaka zambiri ma DJ akuinyoza, ndipo anali ndi chifukwa, nyimbo inali yotsekeredwa m'bokosi sungaikhudze, umangodina batani basi. Ndiye amene anaphunzira nthawi imeneyo mtima wawo unatsalira konko, nkumapatsirana mpaka kwa ana oti mbale sanaigwirepo nkomwe.

Kusiyana kwenikweni kuli m'manja. Pa turntable, pakati pa chitsulo chozungulira ndi mbale pamakhala kansalu koterera, slipmat. Mumaika singano poyambira nyimbo, mukamva ng'oma yoyamba m'mahedifoni mumagwira mbale ndi zala ziwiri zitatu, mbale yaima koma chitsulo pansi chikuzungulirabe, mumaikankha patsogolo pang'ono nkuibweza, du, du, du, kutsatana ndi nyimbo yomwe ikuvinidwa, kenako pa biti yoyamba mumaisiya ndi kakukankha pang'ono kuti isayambe mwaulesi. Ikamathamanga mumakhudzitsa chala m'mbali mwa chitsulo muja muli timadontho, ikamatsalira mumapotoza kachitsulo ka pakati kapena kuikankha pa lebulo, uku dzanja lina likusuntha pitch, chosinthira liwiro la nyimbo, pang'onopang'ono. Palibe nambala ikukuuzani kuti nyimbo iyi ikugunda mabiti 124 pa mphindi (BPM) inayo 126, khutu lokha. Ndipo simupuma, chifukwa mbale ina bowo lake silili pakati penipeni, ina yapindika pang'ono, nyimbo zakale zoimbidwa ndi woimba ng'oma weniweni liwiro lake limasinthasintha lokha, ndiye mikisi ya mphindi imodzi mumakhala mukuiweta mpaka ithe. Chinanso chomwe ndimachikonda, mbale mumaiwerenga ndi maso: mukaipendeketsa pa getsi, pamene nyimbo yadekha mizere imaoneka mosiyana ndi pamene ikugunda mwamphamvu, mumadziwiratu kuti pakatikati apa pali phee ndisalowetse inzake apa. A scratch amamata kapepala pa mbale kuti azidziwa pomwe mawu akuyambira osayang'ananso kawiri.

Pa CD player ya DJ mumapeza ng'oma yoyamba ija kamodzi, mwadina cue, makina asunga, ndipo nthawi iliyonse mukadina play imayambira pomwepo nthawi yomweyo. Pioneer CDJ-500 ya 1994 inali ndi gudumu longokankhira nyimbo pang'ono kutsogolo kapena kuichedwetsa, koma CDJ-1000 ya 2001 ndi yomwe inasintha zinthu, gudumu lalikulu loti ukaligwira pamwamba nyimbo imaima, ukalibweza nayo imabwerera ngati mbale. Kuyambira pamenepo makalabu anayamba kukankhira ma turntable pambali. Muli ndi loop, mumatha kugwira mabiti anayi kapena eyiti nkumawabwereza mpaka mutakonzeka, zomwe Herc ankafunikira mbale ziwiri kuti achite. Muli ndi ma hot cue odumphira pakati pa nyimbo. Liwiro mukaliika silisuntha. Ndiye inde nzophwekerapo, sitingakane, koma kuphweka kumeneko sikusankhirani nyimbo, ndipo sikukuuzani kuti mulowe pati. Ndamvapo ma DJ oti nambala zagwirizana bwinobwino pa sikirini koma alowetsa nyimbo pakati pa vesi, mawu a oimba awiri akulimbana, bezi ziwiri zikugundana, anthu mpaka kuima kuyang'ana kwa DJ. Zimenezo makina sakonza.

Pali kanthu kena ka pitch komwe oyamba kumene samakadziwa mpaka kawapweteke. SL-1200MK2 imakulolani kukweza kapena kutsitsa ndi 8 peresenti basi, kutanthauza kuti nyimbo ya 128 BPM mutha kuitsitsa kufika cha m'ma 118 kapena kuikweza cha m'ma 138, kupitirira apo mulibe njira. Ndipo pa mbale liwiro ndi mawu zimayendera limodzi, mukaithamangitsa mawu a woimba nawo amakwera, pa 6 peresenti mwakwera pafupifupi theka la toni yathunthu, bambo wa mawu a besi ayamba kumveka ngati kamnyamata. Ma CDJ ali ndi batani la master tempo lomwe limagwira kiyi kuti isasinthe olo liwiro lisinthe, komanso mumasankha nokha kuti pitch ifike 6, 10, 16 peresenti kapena kuposa apo. Kwa DJ wodumphadumpha mitundu ya nyimbo usiku umodzi chimenechi ndi chachikulu. Kungoti pa makina akale mukakoka kwambiri master tempo ili yoyatsa, mawu amayamba kunjenjemera ngati akutuluka m'madzi, bezi nkuphwanyika, ndiye musamaidalire mopyola.

Tsopano za kamvekedwe, pomwe anthu amakanganirana mpaka kutukwanana. Tikatenga zoyeza, CD imapambana, apa palibe nkhani. CD imasunga mawu pa 44.1 kHz ndi 16 bit, kusiyana kwa mawu otsikitsitsa ndi okweretsetsa kumafika pafupifupi 96 dB, pomwe mbale yabwino imasewera cha m'ma 60 mpaka 70, ndipo ili ndi kaphokoso kake ka singano ikukhula pulasitiki, timathetheka ta fumbi, komanso singano ikamayandikira pakati mawu okwera amayamba kuipa chifukwa mzere ukudutsa pansi pa singano pang'onopang'ono kusiyana ndi kunja. Podula mbale amachita kuchepetsa bezi nkukweza mawu okwera kuti mizere ikwane, makina anu nkudzazibwezeretsa poimba, ndipo bezi yakuya amaiika pakati, osati kumanja kapena kumanzere, kuopa kuti singano ingatuluke mumzere. Nanga bwanji anthu ambiri, ine ndemwe nthawi zina, timati vinyl ikukoma? Pali zifukwa zenizeni. Mbale ya mainchesi 12 yokhala ndi nyimbo imodzi mbali imodzi, yomwe inayamba nthawi ya disco cha m'ma 1970 ndi anthu ngati Tom Moulton, mizere yake ndi yotakasuka, makamaka ikamazungulira ka 45 pa mphindi m'malo mwa ka 33, imatuluka mwamphamvu ndipo bezi yake ndi yonona. Chachiwiri, nyimbo zambiri za pa CD kuyambira m'ma 1990 ankazifinya kuti zizimveka mokweza kuposa za anzawo, mpaka ng'oma kutha mphamvu, pomwe ya pa mbale sungaifinye choncho, ndiye munthu akafananitsa amati vuto ndi CD chonsecho vuto ndi amene anaikonza. Chachitatu kakuipa pang'ono komwe singano imaonjezera makutu ambiri amakakonda, amati kamafewetsa. Zonsezi nzoona, koma m'chipinda chodzaza anthu, masipika akulira, ena akukuwa, palibe amene adzabwere kudzakuuzani kuti akulu iyi ndi CD eti. Chomwe amamva ndi DJ amene wakweza gain, mphamvu ya mawu olowa mu mikisa (makina osakanizira nyimbo), mpaka magetsi ake ali ofiira okhaokha, ndi amene anatenga MP3 ya 128 kbps nkuiwotchera pa CD poganiza kuti isanduka yabwino. Siisanduka, zomwe zinatayika zinatayika. Fayilo ikhale WAV, AIFF, FLAC ngati makina anu amaiwerenga, kapena MP3 ya 320 yochokera kodalirika.

Mavuto a pamalo ovinira ndiye turntable ili nawo ambiri. Singano imakhala pa mbale ndi kulemera kwa magalamu awiri, atatu, anayi basi, ndiye tebulo likagwedezeka, woledzera akaligunda, kapena pansi ndi pa matabwa anthu akudumpha, singano nayo imadumpha anthu onse akumva. Choopsa kwambiri ndi bezi ya m'masipika ikamabwerera kudzera m'tebulo kulowa mu singano nkutulukanso m'masipika, kamayamba ngati kung'ung'udza kenako chimkokomo choti mutsitse msanga musanaphulitse zinthu. Nchifukwa chake mumaona ena aika ma turntable pa chimwala cha konkire, pansi pake mipira ya tenesi yodula pakati. Pali kawaya kowonda ka ground koti mumangirire kumbuyo kwa mikisa, mukakaiwala mumva hmmm usiku onse. Pa mikisapo turntable imalowa polembedwa phono, CD player polembedwa line, mukasemphanitsa ina imveka chapansipansi yopanda bezi inayo iphulika mawu moipa. Mbale sizifuna kutentha, mukazisiya m'galimoto padzuwa mupeza zapindika, ndipo muzisunga choimika osati kusanjikiza. Kulemera nakonso, mbale 100 ndi makava ake zimafika makilogalamu 20 mosavuta, turntable imodzi ya Technics ndi makilogalamu cha m'ma 12, muli ndi ziwiri, mikisa pamwamba. Singano zimatha, mbale nazo zimatha makamaka poyambira paja mumakhulapo kawirikawiri, pamayamba kumveka fwee. Shure, omwe M44-7 yawo inali singano ya a scratch ambiri, anasiya kupanga mu 2018, pano ambiri ali pa Ortofon.

CD nayo si mngelo. Ikakandika pansi imadodoma, ikakandika pamwamba mbali ya lebulo ndiye yatha chifukwa nyimbo zimakhala pafupi kwambiri ndi mbali imeneyo. Ma CD owotcha nokha ena makina amawakana popanda chifukwa chooneka, ndipo leza ya makina akale imafooka, imayamba kuchedwa kuwerenga kenako tsiku lina ingolemba error pakati pa phwando. Komabe ili ndi memore yomwe imawerengeratu masekondi angapo kutsogolo, ndiye kugwedezeka kwa tebulo sikuivuta kwenikweni.

Koma nkhani yaikulu, yomwe ndikufuna muiganizire kuposa zonsezi, ndi yakuti nyimbo zanu muzizitenga kuti. Nyimbo zambiri zatsopano sizidindidwa pa vinyl nkomwe, zimangotuluka pa intaneti, ndipo zomwe zimadindidwa zimachedwa miyezi chifukwa mafakitale ake ndi ochepa. Mumva anthu akunena kuti vinyl yabwerera, nzoona, ku United States mu 2022 mbale zinagulidwa zambiri kuposa ma CD koyamba chichokereni 1987, koma zambiri mwa izo ndi ma alubamu oti munthu akamvere kunyumba atakhala pa mpando, nyimbo faifi sikisi zopanikizana mbali imodzi, zomveka chapansi, si mbale za DJ zija. House, techno, drum and bass, reggae, funk ndi soul yakale, hip hop yakale, kumeneko mbale zilipo zambiri ndipo zina simungazipeze kwina kulikonse. Koma ngati anthu anu akufuna nyimbo yomwe yatuluka sabata ino, kapena mnzanu wapanga biti usiku wathawu mukufuna muiyese, pa vinyl mulibe chochita. Kale ma sound system a ku Jamaica ndi ma DJ a jungle ku London ankachita kukadulitsa dubplate, mbale imodzi yokha yodula mtengo yomwe imatha msanga mukamaiimba. CD yowotcha nokha ndi yomwe inapha zimenezo, nyimbo yatha madzulo usiku ili kale m'kalabu. Ndiye werengerani: mbale imodzi ikupatsani nyimbo imodzi kapena ziwiri zomwe mudzaziimbadi, ola limodzi likufuna nyimbo 15, 20 kapena kuposa, usiku onse maola faifi sikisi, ndipo sabata yamawa anthu omwewo safuna kumvanso zomwezo. Ndalama yomwe mwasungayo ithera pa makina, mudzakhala ndi ma turntable okongola ndi mbale teni.

Apa ndiye ndibwerere ku zija ndinati polowetsa fulashi. Chomwe chinapambana pa mkangano umenewu si CD, ndi makina ake. Pioneer atatulutsa CDJ-2000 mu 2009 pamodzi ndi pulogalamu ya rekordbox, ma DJ anasiya kunyamula mabuku a ma CD olembedwa ndi maka, anayamba kubwera ndi fulashi m'thumba, ma cue ndi ma playlist atakonzeratu kunyumba. CDJ-3000 ya 2020 ilibe nkomwe polowetsa CD, dzina lokha ndi lomwe linatsala. Malaputopu ambiri a masiku ano alibenso chowotchera. Ndiye makina owerenga CD yokha, olo akhale CDJ-1000 yomwe inali mfumu nthawi yake, mukugula chinthu chodalira leza yokalamba ndi ma CD oti azisowa chaka ndi chaka. Chodabwitsa nchakuti turntable yakale ili ndi tsogolo kuposa CD player yakale. Technics anasiya kupanga SL-1200 mu 2010, anthu anadandaula, anaibweretsanso 2016, MK7 nkutuluka 2019, ndipo za m'ma 1980 zambiri zikugwirabe ntchito chifukwa zimakonzeka.

Pali njira yapakati yomwe mwina ndi imene ingakukomereni ngati mtima uli pa ma turntable. Amaitcha DVS. Mumaika mbale yapadera yomwe ilibe nyimbo koma kamluzu kokhakokha, kompyuta imamvera kamluzuko nkudziwa kuti mbale ikuzungulira mwachangu bwanji, ikupita kutsogolo kapena m'mbuyo, singano ili pati, ndiye imayendetsa fayilo ya pa laputopu chimodzimodzi. Pulogalamu ya Final Scratch ndi yomwe inayambitsa kumayambiriro kwa m'ma 2000, Serato ya ku New Zealand inabwera ndi Scratch Live mu 2004, Traktor ndi rekordbox nazo zimachita. Manja ali pa mbale, nyimbo zili pa kompyuta, mbale ziwiri zokha zikukwanirani. Mufunika laputopu yodalirika ndi mikisa kapena kabokosi kogwirizana ndi pulogalamuyo, mawaya amachuluka, ndipo mavuto a singano ndi tebulo aja sakuchokerani, koma vuto la kusowa nyimbo latha. A scratch ambiri masiku ano ali pamenepa.

Mukapita kukaona ma turntable aja, choyamba funsani ngati ndi direct drive, opanda lamba aja. Ngati ndi a lamba bwererani, amenewo ndi omverera kunyumba, mukagwira mbale nkuisiya amachedwa kudzuka ndipo mudzangodziona ngati ndinu mbuli chonsecho vuto ndi makina. Yatsani, ikani pitch pa ziro, yang'anani timadontho ta m'mbali pomwe pakuwala kagetsi ka pa makinawo, mzere umodzi uzioneka ngati waima, ukamayendayenda pali vuto. Sunthani pitch pang'onopang'ono kuchokera kumwamba mpaka pansi mumve ngati pali pomwe ikudumpha. Gwirani mkono wa singano mopepuka muuyese ngati ukugwedera pamalo pomwe wamangidwa, mkono wogwedera kapena wopindika kukonza kwake nkodula. Mvetserani mbali zonse ziwiri, kumanja ndi kumanzere, chifukwa mawaya a kumbuyo amakonda kuduka mkati. Ma CD player nawo tengani fulashi yanu ndi CD yanu yowotcha, osati ya mwini wake yomwe akudziwa kuti imawerengeka. Asiyeni alire mphindi makumi awiri atatu atenthe, dinani cue ndi play kambirimbiri chifukwa mabatani awiri amenewo ndi omwe amayamba kufa, gwirani gudumu pamwamba muone ngati nyimbo ikuima nthawi yomweyo. Ndipo pa zonse ziwiri musaiwale kuti mikisa ndi mahedifoni zikufunikanso ndalama, ambiri amazikumbukira atafika kale kunyumba.

Za ulesi zomwe anzanu akunenazo zithetseni chonchi. Chilichonse chomwe mugule, matani kapepala pomwe pamaoneka BPM, batani la sync, lomwe limafananitsa lokha liwiro la nyimbo ziwiri, musalikhudze kwa miyezi ingapo, tengani nyimbo ziwiri za liwiro loyandikana, sokonezani pitch ya imodzi osayang'ana, kenako muzifananitse ndi khutu. Masiku oyamba muzingomva chiphokoso osadziwa kuti ikuthamanga ndi iti, musataye mtima, tsiku lina khutu limangotseguka mumayamba kuzimva ziwirizo padera. Muziwerenga mabiti, nyimbo zovina zambiri zimasintha pakatha 16 kapena 32, mulowetse inzake pamenepo, ndipo bezi ya yomwe ikubwera muitsitse kaye pa mikisa mpaka nthawi yosinthana ikwane. Muzijambula mikisi yanu nkudzaimvera mawa lake, pojambula zonse zimamveka bho, mawa ndi pomwe mumamva pomwe munapunthwa. Mukafika poti mutha kugwira nyimbo ziwiri mphindi yathunthu zisanasiyane, sikirini itaphimbidwa, pemphani wina amene ali ndi ma turntable akubwerekeni madzulo amodzi. Mupeza kuti chatsala nkuzolowetsa dzanja kupepuka basi, ndipo pamenepo mudziwa nokha ngati mbale ndi zoti muyambe kuzisungira ndalama.